Ndere yofiira yakuta mchenga m'thanki yanga ya madzi a mchere, ndithandizeni abale

Bambo a Tadala (Matundo), Lolemba madzulo

Abale anga pa gulu pano, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere. Thanki yanga ndi ija ndinaika chithunzi chake mu Epulo, ya malita 80. Muli nsomba ziwiri za clownfish, makorali (tamoyo ta m'nyanja tomera pa miyala) a mitundu iwiri, tsinde limodzi la hammer coral ndi ma zoanthid pa mwala umodzi, ndi nkhono zitatu. Miyezi yonseyi zinthu zimayenda bwino, koma kuyambira masabata atatu apitawa pa mchenga payala chinthu chofiira moderako, chonanda, chooneka ngati nsalu ya veleveti yonyowa. M'mawa ndikamayatsa nyali mchenga umakhala wayerako ndithu, koma ikamakwana 2 koloko masana chabwereranso chonse, pamwamba pake pali tithovu ting'onoting'ono tomata ngati mikanda. Ndikachikhudza ndi chala chimasendeka chathunthu, ndipo dzanja limatuluka likununkha matope a m'dambo. Dzulo ndaona chayamba kukwera pa mwala wa ma zoanthid, theka lawo sakutsegukanso. Ndasintha madzi kawiri koma palibe chasintha. Kodi ichi n'chiyani, ndipo ndichite bwanji makorali anga asanafe?

aPhiri (Songo)

Pepani nazo, bambo a Tadala. Mmene mwafotokozeramu, imeneyo ndi cyanobacteria, ija anzathu amangoti cyano. Musanagule chilichonse tandiyankhani izi. Madzi akutentha madigiri angati masana? Nitrate ndi phosphate, zotsalira za zinthu zowola zimene zimadyetsa cyano, zili pati? Madzi osungunulira mchere komanso othiramo akaphwa mumawatenga kuti? Sefa yanu ndi yamtundu wanji ndipo munaitsegula liti komaliza? Pampu yoyendetsa madzi imakankha malita angati pa ola?

Chikondi (Moatize)

Achimwene musavutike, gulani Chemiclean, mankhwala opha cyano aja, basi. Ine inandigwira chaka chatha, ndinathira kasipuni kake, masiku awiri mchenga unali mbee! Madalaivala opita ku Johannesburg amabwera nayo, kabotolo kake n'kakang'ono kolowa m'thumba la malaya.

Bambo a Tadala

Zikomo madala aPhiri. Ndayeza pompano. Kutentha kuli pa 29, koma masana kumafika 30 chifukwa chipinda chimene muli thankiyo mulibe AC, ndimangodalira fani yaing'ono yowuzira pamwamba pa madzi. Nitrate ili cha m'ma 25, phosphate 0.25, mchere 1.027. Madzi osungunulira mchere ndimagula a m'zigubu zikuluzikulu zakumwa zija, koma othira tsiku ndi tsiku, poti fani ikuumitsa malita awiri kapena atatu pa tsiku, ndakhala ndikutunga pampopi n'kuthiramo mankhwala ochotsa chlorine. Sefa ndi ya canister, yachigubu chotseka chokhala kunja kwa thanki ija, muli siponji ziwiri ndi timiyala ta ceramic. Sindinaitsegule chiyambire Julaye, chifukwa amene anandigulitsa anandiuza kuti siponji ikada ndiye kuti mabakiteriya abwino akhazikika, ndisamaisokoneze. Pampu ya mkati ndi imodzi, ya malita 600 pa ola.

aPhiri

Mwayankha bwino, ndipo vuto lanu laonekera m'mayankho anu omwewa. Pitani mukatsegule canister imeneyo lero lomwe, koma muitsegulire panja, mudzandiuza fungo lake. Amene anakuuzani zosatsuka siponji amalankhula za thanki ya madzi opanda mchere, ya ma goldfish kapena mbuna, mmene mabakiteriya ambiri amadalira siponjiyo. M'thanki ya makorali nyumba ya mabakiteriya ndi miyala ija ili m'katimo pamodzi ndi mchenga. Siponji ntchito yake ndi kugwira zinyalala kuti inu muzitulutse kunja. Mukaisiya miyezi itatu, zakudya zotsala ndi ndowe za nsomba zimawolera momwemo, madzi onse a m'thanki n'kumadutsa pa zowolazo usana ndi usiku. Zili ngati kusesa m'nyumba tsiku lililonse koma zinyalala n'kumaziunjika kuseri kwa chitseko. Nitrate 25 ndi phosphate 0.25 zikuchokera kumeneko.

Chachiwiri ndi madzi a pampopi. Mankhwala ochotsa chlorine amachotsa chlorine basi, china chilichonse chosungunuka m'madzimo chimatsala. Tsono taganizani, madzi amene fani ikuumitsa amauluka okhaokha oyera, mchere ndi zina zonse zimatsalira m'thanki. Inu n'kuthiramo malita atatu a pampopi, mawa enanso atatu. Pakutha pa mwezi mwathira malita 90, kuposa thanki yonse, ndipo zonse zinabwera ndi madziwo zili momwemo, palibe chatuluka. Kutentha kwa Okutobala kuno ku Tete ndiko kwachulukitsa kuphwa kwa madzi, n'chifukwa chake vutoli labuka pano osati mu Juni.

Chachitatu, malita 600 pa ola m'thanki ya malita 80 n'zochepa. Makorali ngati anuwo amafuna madzi azizungulira ka 20 pa ola kapena kuposerapo, ndiye kuti malita 1,600. Tayang'anani pamene cyano inayambira, ndikhulupirira ndi pakona kapena kuseri kwa mwala, pamene madzi amangoima.

Bambo a Tadala

Zoonadi madala, inayambira pakona yakumanzere kutsogolo, pomwe chakudya chimakonda kugwera.

NaBanda (Ulongue)

Moni nonse. Bambo a Tadala, ndingowonjezera pa zimene madala anena, poti ndimaphunzitsa za zamoyo. Timangoti ndere chifukwa chosowa dzina lina, koma chinthuchi si ndere, ndi mabakiteriya amene amapanga chakudya chawo ndi kuwala ngati mmene amachitira masamba. Tithovu mukuonato ndi okosijeni amene akutulutsa masana, n'chifukwa chake usiku zimachepa ndipo nyali ikayaka zimafufumanso. Ndi zamoyo zakalekale kwambiri, ndizo zinadzaza mlengalenga ndi okosijeni zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo. M'thanki iliyonse zilimo, ngakhale yoyera bwanji, kungoti zimakhala zochepa zosaoneka. Choncho funso si lakuti zalowa bwanji, koma chimene chazipatsa mpata woti zichuluke.

Chimodzi muonetsetse. Pali china chofanana nacho chotchedwa dinoflagellates, chimene chimakhala chabulauni, chotanuka ngati mamina, nachonso chokhala ndi tithovu, ndipo kuchiza kwake n'kosiyana kotheratu. Tapani pang'ono pamodzi ndi madzi m'kabotolo, mukhutchumule kwambiri mpaka chiphwanyike, musefe pa pepala lopukutira m'manja, madziwo muwaike pa kuwala ola limodzi. Ma dino amasonkhananso n'kupanga tiulusi, cyano sitero. Ndi manambala mwatchulawo ndikuganiza kuti ndi cyano ndithu, chifukwa ma dino amakonda thanki imene nitrate ndi phosphate zafika pa ziro, koma kuyesa sikudula.

Ndipo muzivala magolovesi. Mitundu ina ya cyanobacteria imatulutsa poizoni. Mukukumbukira njovu zoposa 300 zimene zinafa ku Botswana mu 2020, boma la kumeneko linati ndi poizoni wa cyanobacteria m'zithaphwi zimene zimamwa. Sindikuti ya m'thanki mwanu ingakupheni ayi, koma ma zoanthid anuwo ena amakhala ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin, ndiye dzanja lokhala ndi bala lisalowemo, komanso musakoke paipi ndi pakamwa.

Chikondi

Zonsezo n'zabwino achemwali, koma zitenga mwezi, pamene ma zoanthid a achimwene akufa panopa. Mankhwala athire kaye, zotsuka sefazo azichita pambuyo. Ndiponso ngati Chemiclean ichedwa, ena amagwiritsa ntchito erythromycin wa ku famasi, amagwira chimodzimodzi.

NaBanda

Ayi Chikondi, za erythromycin zokhazo ndikana. Amenewo ndi mankhwala a anthu odwala. Sasankha kuti awa ndi mabakiteriya ofiira, awa ndi othandiza m'miyala. Ndipo madzi ake mukasintha mukawataya kuti? M'ngalande, kumene akakumane ndi majeremusi ena n'kumawazoloweza mankhwalawo. Tikudandaula kale kuti mankhwala ena sakugwiranso ntchito m'zipatala, ife tisawonjezere chifukwa cha mchenga wa m'thanki.

Mayi a Yamikani (Chingodzi)

Ndakhala ndikuwerenga chete, koma apa ndilankhulepo chifukwa zinandionekera. Novembala wa chaka chatha ndinathira mankhwala opha cyano m'thanki yanga ya malita 100. Ndinatsata zonse zolembedwa pa botolo, ndinachotsa makala a m'sefa, ndinaika mwala wa thovu. Usiku wachiwiri magetsi anazima cha m'ma 11 koloko ife tili m'tulo, anayaka kukucha. M'nyumba munali motentha moti ngakhale pa mkeka sipamagoneka. M'mawa ndinapeza nsomba yanga ya royal gramma ili gone pa mchenga, makha ake ali yasa, clownfish imodzi ikupumira pamwamba penipeni pa madzi, kukamwa kukungotseguka ndi kutsekeka. Inafa ndisanamalize kusungunula madzi atsopano. Yamikani ndiye anazipatsa maina nsombazo, analira mpaka sanapite kusukulu tsiku limenelo.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti cyano ikamafa yambiri nthawi imodzi imawola, ndipo kuwolako kumadya okosijeni. Madzi otentha amasunga kale okosijeni wochepa kuposa ozizira. Ndiye kuphatikiza mankhwala, kutentha kwa madigiri 30 ndi pampu zozima, nsomba sizingapirire maola asanu. Amene amalemba pa intaneti kuti mankhwalawa alibe vuto amakhala kozizira, komanso kumene magetsi sazimazima. Sindikuti mankhwalawo ndi oipa, cyano inafadi. Koma inabweranso patatha milungu isanu ndi umodzi, chifukwa chimene chimaidyetsa ndinali ndisanachichotse. Bambo a Tadala, musathire kanthu musanagule kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Chikondi

Pepani kwambiri mayi, sindimadziwa. Ine yanga ili m'chipinda cha AC ndipo ndili ndi inverter, mwina n'chifukwa chake zinandiyendera. Koma ndivomere kuti nanenso inabwerera pakona imodzi.

Bambo a Tadala, Lachiwiri m'mawa

Ndatsegula canister ija. Abale inu. Mayi a Tadala anathawa pakhonde atagwira mphuno. Siponji imene inali yabuluu yatuluka yakuda bii, yolemera ngati njerwa yonyowa, ndipo nditaifinya m'ndowa madzi anasanduka ngati a Zambezi mu Febuluwale. Pansi pa canister panali matope okwana chala chimodzi kuya kwake. Ndayesanso za kabotolo zija achemwali NaBanda, palibe chasonkhana, ndiye ndi cyano. Tsono siponjizi ndizibwezeremo kapena ndizitaye?

China ndatulukira. Ndimadyetsa nsomba m'mawa ndisanapite ku ntchito ndi madzulo ndikabwera. Dzulo ndikufotokoza za vutoli patebulo, Tadala anaulula kuti nayenso akaweruka kusukulu amazipatsa, chifukwa zimabwera pagalasi zikamuona ndiye amaganiza kuti zili ndi njala. Wandionetsa mmene amatapira, ndi zala zitatu. Wakhala akutero miyezi iwiri.

aPhiri

Musamukalipire mwanayo, mtima wake ndi wabwino. Mupatseni ntchitoyo mwalamulo, iye ndiye azidyetsa, kamodzi pa tsiku, timbulu timene nsomba ziwirizo zingamalize mu mphindi imodzi. Muziwerengera limodzi m'kachivindikiro ka botolo. Inuyo lekani zam'mawa ndi madzulo.

Za siponji, poti zakhala miyezi itatu, mabakiteriya ena akhazikikamodi, ndiye musachotse zonse tsiku limodzi. Tayani imodzi lero, inayo muitsuke bwino m'madzi ochokera m'thanki momwemo, mudzaichotse sabata yamawa. M'malo mwake muziika thonje la m'sefa, loyera lija, ndipo muzilitaya pakapita masiku awiri kapena atatu likangoyamba kuda. Ndikudziwa kuti kutsegula canister kawiri pa sabata n'kotopetsa, ndipo ichi n'chifukwa chake ambiri a ife tinazisiya. Ine ndimagwiritsa ntchito kasefa kokoleka kumbuyo kwa thanki, kochotsa thonje ndi dzanja limodzi uli chiimire. Sefa yabwino ndi imene simuchita nayo ulesi kuitsuka. Timiyala ta ceramic titsukeni m'madzi a m'thanki n'kutibwezera. Muikemonso makala a m'sefa m'kathumba, activated carbon, muziwasintha pa mwezi. Ndanena makala a m'sefa, osati a pambaula.

Kenako tengani kapaipi kakang'ono ka mpweya kaja, mukoke nako cyano yonse imene mungathe, masana pamene yafufuma bwino. Musaikolope kapena kuivundula kuti iuluke m'madzi, ikokeni ituluke kunja, chifukwa ikatuluka yatuluka ndi phosphate imene yadya. Pa ma zoanthid muziuzira pang'onopang'ono ndi sirinji yopanda singano kwinaku kapaipi kali pafupi kakukoka. Muzichita zimenezi tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi, ndipo madzi otulukawo muzibwezera atsopano osungunula bwino kuti muyezo wa mchere ukhale pa 1.025.

aMbewe (Zóbuè)

Madala, nanga madzi odontha ku AC aja? Kuno anthu amangowataya, koma ndinamva kuti ndi oyera ngati a mu batire. Sangathandize m'malo mwa a pampopi?

aPhiri

Ayi aMbewe, amenewo musayerekeze. Amayenda pa zitsulo za mkati mwa AC zimene zili ndi kopa, ndipo kopa ngakhale wochepetsetsa amapha nkhono, nkhanu ndi makorali. Amatolanso fumbi lonse la m'chipinda. A mvula nawonso, makamaka kwa Chikondi ku Moatize kumene fumbi la malasha limakhala pa malata, ayi. Chofunika ndi makina osefera madzi a RO/DI ndi kachipangizo koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi. Madzi otuluka azionetsa 0, akayamba kuonetsa 2 kapena 3 ndiye kuti utomoni wa DI, wosefera wa m'makinawo, watha mphamvu. Ang'onoang'ono olumikiza pampopi alipo. Podikira, bambo a Tadala, yezani madzi a m'zigubu mumagulawo. Ena amakhala osefedwa ndi RO ndipo TDS yake imakhala yotsika, ena ndi a mineral, odzaza ndi mchere wa m'nthaka. Sankhani otsikawo, muzithira amenewo madzi akaphwa.

aMbewe

Ndamva madala. Ine ndinyamuka Lachisanu kudzera ku Cuchamano ndi Harare, ndikatsitsa katundu ku Johannesburg, ndibwerera pakatha masiku khumi ngati pa Beitbridge sipakhala mzere. Achimwene bambo a Tadala, lembani zimene mukufuna munditumizire kumbali.

Chikondi

Bwanji osangotumiza zigubu ku Beira akatunge madzi enieni a m'nyanja? Mchere wa m'mapaketi ukudula kwambiri.

NaBanda

Munawaona madzi a ku Beira, Chikondi? Pungwe ndi Buzi zimathira matope pomwepo, madzi ake ndi abulauni, osakanikirana ndi a mumtsinje komanso zonyansa za mu mzinda ndi padoko. Makorali amamera kumene madzi ndi oyera ngati galasi, monga ku Bazaruto ndi ku Quirimbas. Ndiye kuyenda nawo makilomita pafupifupi 600 pa dzuwa m'chigubu chotseka, tamoyo tonse ta m'madzimo tidzafika titafa, n'kukhala chakudya china cha cyano yomweyo. Ndipo poti ndatchula malo amenewa, pasapezeke wina wotuma munthu kukathyola makorali kumeneko. Ndi malo otetezedwa, ndipo makorali olimba onse ali pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa. Tizigawana tizidutswa tomera m'mathanki mwathu momwemu.

Bambo a Tadala, Lachinayi

Ndachita zonse. Ndakoka cyano kawiri, ndabwereka pampu ya malita 1,000 pa ola kwa mayi a Yamikani, ndailozetsa pakona ija. Ikubwerabe koma yopyapyala. Ndawerenga kuti kuzimitsa nyali masiku atatu n'kuphimba thanki ndi bulangeti kumaipha. Ndiyese?

Mayi a Yamikani

Mdima wa masiku atatu umathandizadi ndipo makorali amapirira, koma bulangeti ku Matundo mwezi uno ayi, bambo. Muphika nsomba. Matani makatoni m'mbali zinayi, pamwamba musiye potseguka kuti fani iziuzira, ndipo mutseke makatani a pawindo. Mukoke cyano yambiri musanayambe kuti yofera m'katimo ichepe. Pampu imodzi iloze m'mwamba kuti pamwamba pa madzi pazigwedezeka. Ikaninso mabotolo awiri a madzi mufiriji aundane, masana kukatentha muziyandamitsa limodzi, lotseka bwino, linalo likudikira. Musatsitse kutentha mwadzidzidzi, digiri imodzi kapena ziwiri basi.

aPhiri

Ndigwirizana ndi mayi. Ndingowonjezera kuti tsiku lachinayi musayatse nyali maola onse. Yambani ndi maola anayi, muziwonjezera mpaka asanu ndi atatu, osapitirira. Komanso mungasinthe nthawi yake kuti iziyaka madzulo dzuwa litapepa mpaka usiku, kuti kutentha kwa nyali kusakumane ndi kutentha kwa masana. Makorali sadziwa kuti kunja ndi nthawi yanji, bola dongosolo likhale lomwelo tsiku lililonse. Kutentha koyenera ndi 25 kapena 26. Pa 30 hammer yanuyo ili pamalire penipeni, ikhoza kuyera n'kutaya mtundu, ndiye ngati m'nyumbamo muli chipinda chozizirirako, chosawombedwa ndi dzuwa lamadzulo, ganizirani zosamutsira thankiyo kumeneko zinthu zikakhazikika. NaBanda ku Ulongue, m'boma la Angónia, sadziwa mavuto amenewa, iwo amagula heater pamene ife tikusaka ayisi.

NaBanda

Zoona madala, mu Juni kuno popanda heater madzi amazizira mpaka nsomba kusiya kudya. Koma cyano inandipezabe chaka changa choyamba, kozizira konkuno, ndipo gwero lake linali lomweli, thonje losasintha ndi dzanja lolemera podyetsa. Kutentha kumangofulumizitsa.

Chikondi

Nanga skimmer? Palibe waitchula. Ine yanga imatulutsa zakuda ngati khofi masiku atatu alionse.

aPhiri

Skimmer ndi yabwino, imachotsa zonyansa zisanawole komanso imalowetsa mpweya m'madzi, chimene kuno kotentha n'chofunika kwambiri. Koma pa malita 80 ndi nsomba ziwiri, kusintha malita 8 mpaka 10 sabata iliyonse kumagwira ntchito yomweyo. Ndalama zikakhala zochepa, ayambe RO/DI, kenako pampu ya mabatire, kenako pampu yoyendetsa madzi. Skimmer ibwere pambuyo. Nkhono zikhoza kuwonjezeredwa, ma cerith ndi ma nassarius amatakasa mchenga kuti zinyalala zisakhazikike, koma musayembekeze kuti zidya cyano n'kuimaliza.

Bambo a Tadala, patapita milungu itatu

Abale, ndabwera ndi lipoti. Mdima uja ndinachita monga munanenera, magetsi anazima kamodzi usiku koma kapampu ka mabatire kanagwira ntchito mpaka m'mawa. aMbewe anabwera ndi RO/DI, Mulungu awadalitse. Madzi a pampopi pano TDS yake inaonetsa 210, otuluka m'makinawo 0. Mchenga wayera, patsala kachigamba kamodzi kuseri kwa mwala kokula ngati ndalama yachitsulo. Ma zoanthid atseguka onse kupatula asanu amene anafa. Tadala amawerenga timbulu take tisanu ndi titatu madzulo alionse ndipo salola munthu wina kukhudza botololo.

Koma pali china. aMbewe anandibweretseranso GFO yochotsera phosphate, ndinaika masipuni anayi m'kathumba sabata yatha. Lero phosphate ikuonetsa 0.00, nitrate 5. Ndimati ndisangalale, koma hammer yafota, siikutambasuka ngati kale, ndipo m'munsi mwake mukuoneka chigoba choyera pang'ono.

aPhiri

Chotsani GFO yonseyo pompano, musadikire mawa. Masipuni anayi pa malita 80 ndi ambiri, mwatsitsa phosphate mothamanga kwambiri. Makorali nawonso amadya phosphate ndi nitrate, pang'ono chabe koma amafuna. Hammer yanu inazolowera 0.25, lero yadzuka m'mbale mulibe kanthu. Ndipo ziro ameneyo ndiye khomo la ma dino amene NaBanda ananena aja, omwe ndi ovuta kuwachotsa kuposa cyano kutalitali, ena mwa iwo amapha ndi nkhono zomwe. Phosphate izikhala pakati pa 0.03 ndi 0.1, nitrate pakati pa 5 ndi 10, pamenepo m'pabwino. Sabata ino musasinthe madzi, Tadala awonjezere timbulu tiwiri kapena titatu, muyezenso pakatha masiku atatu. Yezaninso alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, chifukwa GFO yambiri imatha kuitsitsa, izikhala pakati pa 7 ndi 9 dKH. Phosphate ikadzakweranso kupitirira 0.1 m'tsogolo muno, mudzayambe ndi sipuni imodzi yaing'ono, yotsukidwa bwino.

Kachigamba ka kuseri kwa mwalako musalimbane nako ndi mankhwala. Muzikakoka ndi kapaipi posintha madzi, ndipo yesani kusuntha mwalawo pang'ono kuti madzi azidutsa kumbuyo kwake.

NaBanda

Onetsetsaninso kuti pampu yatsopano ija siikuwomba hammer mwachindunji. Minofu yake ndi yofewa, imang'ambika pa chigoba chake chomwe. Izingogwedezeka pang'onopang'ono ngati udzu wa m'madzi.

Bambo a Tadala

Ndachotsa kathumba kaja. Alkalinity ili pa 6.8. Pampu ndaitembenuzira ku galasi lakutsogolo, ndipo ndaona kuti mbali imene inafota kwambiri ndi yomwe inali kuyang'ana pampuyo. Ndiyezanso Loweruka ndikuuzani.

Mayi a Yamikani

Pampu ijayi khalani nayo kaye mpaka yanu ifike, ine ndili ndi ina. Ma zoanthid asanu anafawo musadandaule, anga obiriwira achulukana mpaka akukwera pagalasi. Thanki yanu ikakhala mwezi wathunthu osasinthasintha manambala, mudzabwere ndi kachidebe kotseka ndi magolovesi, ndidzakudulirani kamwala. Mudzabwere m'mawa kusanatenthe, ndipo mudzamutenge Tadala adzasankhe yekha.

Chikondi

Madala aPhiri, kasefa kokoleka kumbuyo mumanena kaja n'ka malita angati pa ola? Ndatsegula canister yanga usiku wathawu, nanenso ndikufuna ndiisiye.

aPhiri

Ka malita 500 n'kokwana, ntchito yake ndi kugwira zinyalala basi, kuyendetsa madzi zisiyireni pampu zinazo. Muone kuti dengu lake likutuluka mosavuta popanda kuzimitsa chilichonse. Ndikutsika ku Tete Lachitatu likudzali, ndili nako kena kakale kamene kakungokhala m'kabati, tikumane cha ku mlatho wa Samora Machel nthawi ya nkhomaliro mudzakaone.